Fulashi ya Apongozi

Lolemba

Alangizi andibwereka kompyuta yawo ya m'manja kuti ndilembemo mayina a olandira makuponi a fetereza chaka chino. Ine mlembi wa komiti kuno ku Lukwa, lero ndakwezedwa! Adzaitenga Lachisanu kupita nayo ku Boma. Mawu awo pochoka: "Musalowetsemo fulashi ya munthu aliyense. Mavayirasi ali mbwee."

Malamulo anga:
1. Fulashi ayi.
2. Kuifunditsa chitenje, fumbi lake lino si lamasewera.
3. Fulashi ayi, angakhale abwere abusa.

Ndikulemba ndi chala chimodzi. Dzina la mayi Nangozo ndaliika pamwamba penipeni. Amasiye, adzukulu ali pakhomo, ndipo chaka ndi chaka amangodumphidwa. Ulendo uno alandira basi.

Lachiwiri

Mayina atha! Chala chatupa. Mapepala amene ndimakoperapo andipempha madala a pabawo kuti azikapichirira fodya. Ndawapatsa onse. Zamapepala ndi zachikale, ife tinapita patsogolo.

Kompyuta yatulutsa kauthenga kofiira. Akuti mlonda wake wa mavayirasi wakalamba, akufunika kumuwonjezera mphamvu pa intaneti. Ndakwera nayo pachulu cha kuseri kwa chigafa, pokhapo pamene netiweki imagwira. Ola lathunthu dzuwa lili pamutu. Yafika pakati, batire thii. Nyerere zandimaliza.

Lachitatu

Ndawakaniza kulowetsa mafulashi awo:
- aphunzitsi, ati mayeso
- mlamu wanga, ati zithunzi za ukwati
- abusa! Ati, "Ya kutchalitchi ilibe matenda." Ndakanabe.

Mayi Nangozo abwera kudzaona dzina lawo. Kuwerenga sadziwa, ndawalozera. Aligwira ndi chala pagalasi. "Ndi limeneli? Ndiye ndalowadi eti?" Ndati mwalowa mayi, kagoneni mtima uli m'malo.

Lachinayi

Apongozi.

Bambo a mkazi wanga atsika panjinga kuchokera kumsika kwa Chamama. Iwo pampando, ine pansi. Malonje atatha apisa m'thumba. Fulashi! Yomangirira kumakiyi, yakuda bii, yoti yalowa m'makompyuta onse ojambulira nyimbo pamsika paja.

"Akamwini, tangonditsegulirani nyimbo za kwaya yathu, ndimve ngati anajambula bwino."

Ine kuno ndili pachikamwini. Nyumba ili pamalo pawo, munda ndi wawo, ngakhale chulu cha netiweki chija ndi chawo. Ndiyambira pati kukana? Mkazi wanga waima pakhomo, wandiyang'ana ndi diso lija.

Ndaipukuta ndi malaya. Ndaiuzira kawiri. Ndalowetsa.

Nyimbo zalira bwino kwambiri.

Lachisanu

Mayina kulibe!

Pamene panali mndandanda pali kachithunzi kokhala ndi kamuvi. Ndikadina, kakubereka kena. Ndikadinanso, kena. Mlonda wokalamba uja ali duu, akuti zonse zili bwino. Nyimbo za kwaya zokha ndiye zilipo, sizinasowe ndi imodzi yomwe.

Alangizi afika. "Munalowetsamo chiyani?" Ndayang'ana pansi. Aikwezeka panjinga yamoto kupita nayo kwa okonza ku Boma. Masana foni: "Zadyedwa zonse. Mapepala aja afike mawa, apo ayi akuluakulu angotenga mndandanda wa chaka chatha."

Mapepala. Mayo ine.

Loweruka

Khomo ndi khomo, kutsata madala a pabawo. Zomwe ndapeza:
- theka la tsamba, mayina odukira pakati
- ndudu ziwiri zosayatsa, ndazimasula, muli banja limodzi
- phulusa

Dala wina akuti, "Pepala lake linali labwino zedi, silimazima. Mulinso ndi ena?"

Mudzi wonse wasutidwa. Ndayesa kulemba mayina kuchokera m'mutu, koma manambala a ziphaso zawo ndiwatenga kuti? Alangizi ayimbanso. Akuti akuluakulu atseka. Atenga wachaka chatha.

Lamulungu

Pamndandanda wachaka chatha pali anthu amene tinaika m'manda nthawi yokolola. Amenewo fetereza alandira. Apongozi aliponso. Mayi Nangozo palibe.

Kutchalitchi abusa andipatsa moni wa nsonga za zala. Sindikuwadandaula.

Titaweruka mayi Nangozo afika pakhomo ndi kabeseni ka mtedza. Agwada. "Kangachepe aMlembi. Mizere ndaunga kale, ndikungodikira thumba langa."

Ndalandira ndi manja awiri. Manyazi andigwira, chisoni ndiye chosanena.

Mtedza uli pakona apo, ndaletsa aliyense kuukhudza. Mawa m'mawa ndipita kwawo. Beseni ndi lawo, liyenera kubwerera, ndipo libwerera lodzaza momwe linabwerera.