Puloteni Nthirakuwiri

Lolemba
Lamulungu kuli Misa yokumbukira malemu mkazi wanga. Afika kale awiri: apongozi kuchokera ku Nsaru, ndi alongo anga aakulu a ku Kabudula. Madzi ndi mafuta. Chiyambire ukwati wathu sanamwerane madzi. Apongozi akangochoka atakwiya, akuchikazi onse sabwera. Malemu mayi a Tadala ankawatha bwanji awiriwa? Sindinawafunsepo.

Lachiwiri
Tadala, mwana wanga, akuimba foni ali ku yunivesite. Akuti amapanga mapuloteni a mbali ziwiri, ina yokonda madzi, ina yokonda mafuta. Akawaika m'maselo, tizidutswa tamoyo topanga thupi, amandandalika okha n'kukhala khoma, n'kupanga tizipinda. "Ngati sopo, adadi." Basi! Puloteni ndine.

Lachitatu
Dongosolo:
– apongozi kuchipinda
– alongo pabalaza
– chitenje pakati
– ine pakhomo, wokonda onse
Vuto: mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Mbali yanga yokonda madzi ikulankhula itapenya khoma.

Lachinayi
Nkhondo ya nkhwani. Apongozi atendera, alongo akazinga. Uku ndikuti, "Wotendera ndiye ndiwo." Uko ndikuti, "Nsinjiro n'zachikale." Ndikudya kawiri. Mimba ikudandaula.

Lachisanu
Chitenje sichitchinga mawu! Zonse zinamveka. "Kodi bambo a Tadala, malilime muli nawo angati?" apongozi akufunsa khoma. Alongo akuyankhira pabalaza: "Nthirakuwiri!" Chikwama cha apongozi chili pakhonde. Wakabaza auzidwa abwere mawa.

Loweruka
Wakabaza wabwerera wopanda munthu. Awiriwo ali pamphasa imodzi, akusenda mtedza, akuseka. Nkhani ndi ine. "Anali chomwechi kuyambira ali mwana, eti?" akufunsa apongozi. Alongo akuti, "Malemu anapirira." Chitenje achotsa. Bulangete langa ndalipeza m'chigafa cha fodya.

Lamulungu
Akuchikazi onse abwera. Awiriwo benchi imodzi, akuimba nyimbo imene malemu ankaikonda, aliyense mayimbidwe ake. Ndikuuza Tadala zonse. Akuseka mpaka kutsamwa: "Adadi, puloteni salankhula. Amangoima pakati."

Zoona. Mayi ake ankangoyala mphasa, n'kukhala pakati pawo, n'kumasankha nyemba osanena kanthu. Zaka zonsezo ndinkayesa akupuma.

Kachipinda kapangika ndithu. Ndili m'katimo ndekha, ndi fungo la fodya wa chaka chatha.