Tsiku limene batire linakana kutha

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndinalawirira kudzuka ngati tsiku la mayeso. Ndikanadziwa, bwenzi nditakatandala kumunda kuzula chinangwa mpaka dzuwa kulowa.

Lero kunabwera asibweni a ku Chintheche, achimwene awo a ama. Nyumba yawo ili pafupi ndi sukulu yathu, moti belu likalira amalimva ali pakhonde. Ine kuchokera kuno kumtunda kwa Kande ndimapalasa njinga, n'kufika phunziro loyamba litatha, manja ali bii ndi girizi. Ama anawapempha kuti Fomu 4 ndikakhale kwawo. Iwo anayankha kuti abwera adzandione kaye, chifukwa ndi mkulu wa mpingo ndipo pakhomo pawo safuna mtsikana wa mutu wouluka.

Tsopano nkhani ya mafilimu. Pakhomo pano aliyense ali ndi ake. Ada, bambo anga, amakonda ankhondo, oti anthu afe kaye asanapatsane moni. Ama amakonda zisudzo za kuno kwathu, za apongozi olongolola. Mnzanga Lusungu, amene amandiikira mafilimu m'flashi, amakonda oopsa, a mizukwa. Ine ndimakonda achikondi, makamaka a ku Nigeria, aja amalankhulamo bambo wina womasulira m'Chichewa. Ndimakonda pamene awiri angoyang'anana osanena kanthu, kanyimbo kakulira pansipansi. (Izi sindinauzepo munthu, kupatula Lusungu, amene amandiseka.)

Koma sola yathu ndi yaing'ono, ndipo kabatire kake kamatha filimu ili pakati. Chibadwire sindinaonepo mathero a filimu iliyonse pa tivi yathu. Mathero ndimapeka ndekha popita kumjigo, ndipo onse amathera ku ukwati wa m'tchalitchi.

Asibweni anafika dzuwa lili paliwombo, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Ndinagwada, ndinawalandira chikwama, ndinawapatsa madzi ndi manja awiri. Zonse zinkayenda bwino. Ama anapita kukaphika kondowole, nsima ya chinangwa, ndipo ada, pofuna kusangalatsa mlendo, anavundukula tivi.

"Alamu, uyu ndiye mwini mafilimu pano," anatero ada.

Asibweni anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Umakonda otani, mwana iwe?"

"A zamapemphero, asibweni."

Sindikudziwa kuti mawuwo anachokera kuti. Ada anandiyang'ana.

"Yewu. Tiikire imodzi tione," anatero asibweni.

M'flashi munali imodzi yomwe ndinkaidalira. Imayambira m'tchalitchi, kwaya ikuimba, ndipo mwana wamkazi wa abusa amatsogolera nyimbo. Kenako kumabwera mnyamata woimba ng'oma. Ndinali nditaionera kangapo, ndipo nthawi zonse batire linkathera pamene mtsikanayo akugawira amasiye mpunga. Mumtima ndinati: mpunga ukangogawidwa tivi izima yokha, ine ndapulumuka.

Poyamba zinakoma. Asibweni ankagwedeza mutu, chala chikugunda bondo motsatira nyimbo. Abusa a mufilimu atalalikira za ana omvera, asibweni anati, "Mwamva?" Ine ndinati, "Eya, asibweni," maso ali pansi ngati mtsikana wa pa kalendala ya mpingo.

Mpunga unagawidwa. Ndinadikira. Amasiye anathokoza, anamwazikana. Tivi ili ngwee.

Ndinasuzumira kuseri kwa tebulo. Mawaya sanali pa kabatire kathu. Anali pa chibatire cha nyali za ada zophera usipa. Sabata ino mwezi ukuwala, usipa sutsata nyali, ndiye ada sakupita kunyanja, ndipo chibatirecho chinangokhala pakona chodzaza. Ada anachilumikiza polemekeza mlendo. Chimenechi chimayatsa nyali mpaka kucha. Filimu imodzi kwa icho ndi masewera.

Apa ndi pamene ndinayamba kuona zinthu zatsopano limodzi ndi asibweni.

Kwaya inaweruka. Aliyense anapita kwawo, kupatula mwana wa abusa ndi wang'oma uja. Mvula inayamba. Kanyimbo kanga kaja kanayamba kulira pansipansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadana nako.

"Aaa, koma mvula iyi yabwera ndi cholinga," anatero womasulira uja. "Akuluakulu, khalani bwino pamipandopo."

Asibweni chala chinasiya kugunda bondo.

Ndinaimirira. "Ndibweretse madzi osamba m'manja?"

"Chakudya sichinapse," anatero ada, maso ali pa tivi.

"Ada, rimoti ija ndiione, ngati ikuvuta."

"Sikuvuta."

Ndinatenga jagi ya thobwa n'kukaima pakati penipeni, msana wanga utaphimba tivi. Ndinathira m'kapu ya asibweni pang'onopang'ono ngati mankhwala a m'maso.

"Yakwana. Tasuntha, ukutitchinga," anatero asibweni.

Ndinasuntha. Mnyamata anali atavula jekete lake n'kumufunditsa mtsikana. Dzanja silinabwerere kwa mwini wake. Ndinkamva thukuta likutsika kumsana. Ndinaona chipinda cha ku Chintheche chikutalikira, katebulo kowerengera, magetsi, belu lija. Ndinadziona ndikupalasanso njinga chaka chonse.

Ndiye ndinaganiza zopunthwa. (Ndinaona mufilimu ina wantchito akupunthwa dala, ndipo zinamuyendera.) Ndinayenda ngati ndikukaika jagi, ndinakola waya ndi phazi, n'kudzigwetsa. Koma mawaya pamenepo anali awiri. Amene ndinakola anali wa foni ya asibweni, yomwe ankatchaja pa batire lomwelo. Foni inauluka n'kukagwera pansi pa mpando, chivundikiro kwina, batire lake kwina. Thobwa linayenderera mpaka pa nsapato zawo. Filimu inapitirira.

Ama analowa nthawi yomweyo atanyamula mbale. Anapeza mwana wawo atagwada kutsogolo kwa tivi, mphuno pafupi ndi galasi, pamene nkhope ziwiri zija zinkayandikana.

"Ada ake, zimitsani," anatero ama.

Ada anadina rimoti. Mawu anakwera. Anadinanso, anakweranso. Ama anaika mbale pansi, anamasula chitenje chapamwamba n'kuphimba tivi. Chithunzi chinabisika, koma womasulira chitenje sichimukhudza.

"Wamugwira chibwano. Mwana wa abusa watseka maso. Abale, ine ndili ndi banja, musandifunse zambiri. Koma sakupuma anthuwa."

Palibe anayang'ana mnzake. Asibweni ankayang'ana denga. Ada anadzuka n'kuchotsa waya pa batire ndi dzanja, zomwe ine ndikanachita poyamba pomwe ndikanakhala ndi nzeru.

Pemphero la chakudya linali lalitali kwambiri. Asibweni anapempherera nyanja, odwala, boma, kenako achinyamata a masiku ano, ndipo pa achinyamatapo anakhalitsa mpaka kondowole anazizira. Ine ndinadyera kukhitchini, kapena ndinene kuti ndinangoyang'ana mbale. Ama anangondifunsa funso limodzi: "Zamapemphero?" Kukalipa kukanakhala bwino.

Foni inayaka titaibwezeretsa, koma pakona pang'ambika.

Nthawi yoti asibweni abwerere itakwana, ama anandiuza kuti ndiwanyamulire chikwama mpaka kumsewu. Tinayenda, iwo patsogolo, nsapato zikumata mchenga chifukwa cha thobwa. Titafika pokwerera minibasi ndinalimba mtima.

"Asibweni, pepani. Kumapetoko ndinali ndisanakuonepo. Ndipo si zoona kuti ndimakonda a zamapemphero."

"Ndinadziwa pamene unkathira thobwa. Munthu wokonda mapemphero sathira choncho." Anapukuta magalasi. "Filimu sinandipweteke ngati bodza lako. Kwanga wabodza sagona."

Ndinaweramitsa mutu.

"Koma wapepesa usanafunsidwe. Mawa tikaweruka kutchalitchi ubwere, ukalankhule ndi anti ako. Akavomera iwo, udzakhala kwathu. Ndipo udziwiretu, kwathu kulibe tivi."

"Yewu, asibweni."

Minibasi inaima. Kondakitala anatenga chikwama. Asibweni anaika phazi limodzi m'kati, kenako anatembenuka.

"Mnyamata ujatu ndi tambwali. Ndinamuona maso pamene ankalowa m'kwaya. Samukwatira ameneyo."

"Amukwatira, asibweni. Anamufunditsa jekete."

"Jekete," anatero, akupukusa mutu. "Ana inu."

Chitseko chinatsekedwa ndisanayankhe, ndipo mwina ndi bwino, chifukwa ndinali nditayamba kale kutsutsana ndi mkulu wa mpingo pa nkhani ya chikondi.

Ada abweza chibatire pakona ndipo flashi aiika m'thumba la malaya awo. Sindinaipemphe. Mawa ndivala siketi yaitali ija, nditenga usipa wouma wa anti, ndipo chilichonse chimene andifunse ndiyankha zoona, ngakhale atandifunsa za mafilimu. Ndatsimikiza kuti chaka chino ndi cha mabuku okhaokha. Kungoti njira ya ku Chintheche imadutsa kwa Lusungu, ndipo kwawo kuli magetsi. Ndikangomufunsa ngati wang'oma uja anamukwatira mwana wa abusa, osakhala pansi.