Tsiku Limene Ndinadya Sayansi ya Zione

Ndikaona mdzukulu wanga Zione akundandalika makapu pakhonde, m'kapu iliyonse muli kanthu konyikidwa m'madzi, ndimakumbuka malemu mkazi wanga Nabanda akuviika chinangwa cha kondowole m'mitsuko kuseri kwa nyumba yomweyi. Kungoti za Nabanda zinkathera m'mimba, pamene za Zione, amene ali Fomu 4, ndi za kusukulu. Kusiyana kumeneku ndakudziwa mochedwa, anzanga, ndipo ndakudziwira pabedi la chipatala.

Tsikulo ndinachokera kumunda wa mpunga dzuwa lili paliwombo, njala itandipotokola, mwanayo ali kusukulu. Pakhonde ndinapeza makapu aja, muli timagawo ta mbatata yaiwisi, tosenda bwino, todula mofanana ngati zala. Ndinati mwana waulemu uyu, wawakumbukira agogo ake! Ta m'kapu yoyamba tinali totsekemera, ta m'kapu ina tamchere ndi tofewa, tina topanda kanthu koma tolira bwino pamano. Ndinamaliza tonse, madzi a shuga aja n'kugugudiza.

Ndikupukuta pakamwa m'pamene ndinaona kambale kuseri kwa ndowa. Munali kagawo kena ka mbatata kakuda bii, pambali pake kabotolo kolembedwa kuti ayodini, osamwa. Mayo ine! Ndiye kuti m'makapu monse muja munali zomwezi?

Munthu wanzeru akanafunsa. Koma ine ndinafika sekondale, zaka zambiri ndagwira ntchito m'fakitale ku Bulawayo, ndifunse ndani? Ndinakumbuka kuti makala amayamwa poizoni, ndiye ndinasinja a m'mbaula n'kumwera madzi. Kenaka ndinaganiza kuti mwina mankhwalawo ndi asidi, ndipo aphunzitsi athu ankati asidi amaphedwa ndi soda. Ndinatapa soda wophikira therere, supuni yosefukira, mpaka m'mimba. Nditangomeza ndinayamba kukayika kuti kapena ndachulutsa. Nanga soda akachuluka timatani? Timabwezera asidi! Kunyumba kwanga mandimu sasowa.

Amene munaonapo mowa wamasese ukuwira m'mbiya mukudziwa zimene zinatsatira. Mimba inakungika ngati ng'oma, ndipo kugeya kwanga koyamba kunafika kwa a Jafali, aneba anga, amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango.

"Achimwene, mwameza injini ya boti?"

"Ndadya poizoni, a Jafali, ndikupita. Mudzamuuze Zione kuti njinga ndi yake."

"Nanga wailesi ija mwaisiyira ndani?" anatero akukodola wakabaza kumsewu.

Ulendo wa kuboma sindidzauiwala. Njinga ikagunda bampu ine geee, milomo ili bii ndi makala, amayi ogulitsa usipa m'mbali mwa msewu akutembenuka. Wakabaza ankangoti, "Madala, chonde musaphulikire panjinga panga." Ine mumtima ndinkalankhula ndi mkazi wanga: Nabanda, ndikubwera, koma tikakumana usandifunse chimene chandipha.

Kuchipatala adokotala, mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga womaliza, anali akundidina mimba pamene Zione analowa ali wefuwefu, yunifomu ili thukuta lokhalokha, kabotolo kali m'manja. A Jafali anali atamutumira uthenga, iye n'kudzera kunyumba kukatenga kabotoloko.

"Agogo! Ayodini ndinadontheza pa kagawo ka m'mbale kokha, kuti ndione ngati muli sitachi. M'makapu munali shuga, mchere ndi madzi basi. Ndimafuna kuona mmene madzi amalowera ndi kutuluka m'maselo a mbatata. Ndi osimosisi imeneyo."

"Ndiye kufewa kuja?"

"Mchere unakoka madzi a m'kati mwake, agogo."

Adokotala anafunsa zimene ndinamwa, ndipo nditatchula makala, soda ndi mandimu anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Bambo, mbatata ilibe mlandu. Chakubweretsani kuno ndi chithandizo chanu chomwe. Musadzachitenso, mukanadzivulaza zenizeni."

Sindinamvepo mawu okoma chotero. Ndinageya komaliza, kwautali, kothokoza Mulungu, mpaka wodwala wa bedi loyandikana anati amen.

"Nanga mawa ndikawauza chiyani aphunzitsi?" Zione anafunsa tikutuluka.

"Ukati zotsatira zilipo, koma zili mwa agogo."

Tinadzera pamsika, ndinamugulira mbatata ina. Ndinalumbira kuti chilichonse chonyikidwa m'kapu pakhonde panga, ngakhale chinunkhire bwanji, ndiziyamba ndafunsa kuti ndi chakudya kapena ndi maphunziro. Kemisitiri yanga ndaipumitsa pantchito.

Pempho langa ndi limodzi. Wina wa dzanja labwino ailembe nkhaniyi m'buku monga ndaifotokozera pano, ndipo afulumire, chifukwa a Jafali akuikamba kudoko tsiku lililonse, ndipo dzulo makala aja anali atafika thumba lathunthu.