Foni Yalowa M'chikuta, Ine Panja

Lolemba
Mwana wabadwa, wamkazi! Mkazi wanga Esinati ali m'chikuta ndi mayi ake. Mwamuna salowamo mpaka mchombo ugwe. Kuchipatala anatiikira mawu mufoni, okumbutsa nthawi ya mankhwala ndi yoyamwitsa. Pulani yanga: foni ikhale panja ndi ine, ikalankhula ndizifuula pazenera. Mwana adziwe mawu a bambo ake asanadziwe a wina aliyense.

Lachiwiri
Ndafuula katatu. Mwana walira katatu. Apongozi kuseri kwa chitseko: "Mukumudzidzimutsa, bweretsani foniyo. Koma wolankhulamoyo ndi mwamuna kapena mkazi?" Ndati mwamuna, sangalowe. Esinati waseka. Kunena zoona, inenso sindikudziwa.

Lachitatu
Kufufuza kumsika ku Thambani. Zomwe ndapeza:
- dzina la wolankhula mufoniyo akuti Mphatso. Sizikuthandiza.
- wakabaza akuti mwamuna, alumbira.
- mayi wa tomato akuti mkazi, nayenso alumbira.
- sakhosomola. Sapuma n'komwe.
Galu wathu akamva mawuwo akulowa pansi pa nkhokwe.

Lachinayi
Ndafunsa mwini mawuyo, mwaulemu: pepani, ndinu abambo kapena amayi? Yankho: "Sindine mwamuna, sindinenso mkazi. Anandipanga ndi mawu a anthu ambiri, amuna, akazi, ndi ena amene sadziika mbali iliyonse."
Anthu ambiri! M'thumba mwanga muno! Choipa n'chakuti Esinati wamva zonse pazenera.

Lachisanu
Apongozi agamula: "Mwambo ukuletsa amuna. Awa si amuna. Alowe." Foni yalowa, ayiyalira kansalu pampando. Ine panja, ndikuchapa matewera. M'nyumba zii, mwana osalira ngakhale pang'ono. Ndikungomva mawu aja, osakwera osatsika, apongozi akuyankha kuti "zikomo alendo." Ine zaka ziwiri pakhomo pano sanandiyalirepo kansalu.

Loweruka
Pulani yachiwiri: kuphunzira kulankhula ngati iwo. Ndaima kuseri kwa bafa, ndikuyeserera mawu apakatikati. Akutuluka ngati a mbuzi yomangidwa pakhosi. Esinati: "Bambo a mwana, mwadwala?" Ndisanayankhe, foni m'nyumba muja: "Ngati pakhosi pakupweteka, pitani kuchipatala." Ndani wawafunsa? Ndasiya. Galu sanatulukebe.

Lamulungu
Mchombo wagwa, mwana watuluka. Ndamunyamula. Ndati, ndine bambo ako. Kulira kwake! Kenako foni: "Yakwana nthawi yoyamwitsa." Mwana chete, kamutu katembenukira kumpando.
Apongozi akuti dzina lapezeka kale, Mphatso. Ndavomera, ndi dzina labwino.
Batire yatsala kamzere kamodzi, kofiira. Ndakayang'ana nthawi yaitali. Palibe wina wakaona. Ikangozima, pakhomo pano mawu atsala anga.
Koma mankhwala a Esinati ndi amitundu itatu, ndipo nthawi zake ine ndimasokoneza.
Ndapopa njinga. Ndikupita nawo alendowa ku Thambani kukatchajitsa.