Nthenga ya Nkhuku Yakuda m'Dimba la Eni

Anzanga, mukamva ana a ku Bua akundiitana kuti "a Njuchi", musaganize kuti ndimagulitsa uchi. Dzinali linabwera ndi dyera langa, ndipo mlomo wangawu ndi mboni.

Akazi anga, mayi a Tamala, ali m'gulu la dimba la kumtsinje kuja. Chigawo chawocho anachidikira zaka ziwiri, ndipo chivutireni usipa, ndiwo za pakhomo pathu zimachokera pomwepo. Gululo lili ndi lamulo limodzi loopsa: ukapezeka m'chigawo cha mnzako mwini wake palibe, chako chalandidwa. Ndiye mu Juni, mng'ono wawo atabereka ku Dwangwa, anandisiyira dimbalo kwa masabata awiri.

"Bambo a Tamala, inu kuthirira basi. Zina zonse musakhudze."

Ine n'kuseka. Munthu wopalasa bwato pa mwera, ndingalephere masamba?

Tsiku lachiwiri ndinaona kuti m'mphepete mwa chigawocho mwadzaza chisoso chamaluwa, mpendadzuwa ndi tizitsamba tina tonunkha, njuchi zili piringupiringu, chamumtima ndinati akaziwa kulima amatha koma ukhondo wawavuta. Ndinatenga chikwakwa, pofika masana panayera kuti mbee. Ndinaima pakati manja m'chiuno, kudzitamandira ndekha.

Kenako ndinafika pa maungu. Maluwa ena anali ndi kadzungu kunsi kwake, ena anangoima pa kaphesi, opanda kanthu. Amenewa ndi aamuna, zimenezo ndinkazidziwa. Ndinati amuna aulesi inu, kungoyasamula tsiku lonse osabala kanthu, bwerani kuno. Mumadziwa chiluwe chotendera nsinjiro, chothira katomato pang'ono, pambali pali kondowole? Ndinathyola onse, mawa lake onse, mkuja mpaka osamasula omwe. Sabata yonse ndinadya ngati mlendo.

Sabata yachiwiri timaungu tija tinayamba kuchita chikasu n'kumathothoka. Ndinathirira kawiri, kuthothoka. Katatu, kuthothoka. Lachinayi mayi a Tamala anaimba foni.

"Njuchi zikubwera ku maluwa anga a m'mphepete aja?"

"Eee, zambiri," ndinatero, thukuta lili kamukamu pa Juni.

"Chabwino. Chiluwe musathyole, aamunawo ndi amene ali ndi mungu. Mukaona njuchi zachepa, mutenge nthenga m'mamawa, muzunguze m'duwa lalimuna, mukapake m'lalikazi. Ndifika Loweruka."

Ndinathamangira kudimba n'kupeza maluwa aakazi atatu okha oti amasula mawa lake, ndipo duwa la dzungu likamasula m'mawa, masana latseka, zake zatha. Lalimuna ngakhale limodzi panalibe, onse anali m'mimba mwangamu. M'dimba lonse, wina wobzala maungu anali Ada Nyirenda okha, bambo wachikulire wochokera kumpoto, kumapeto kwenikweni. Mukuti bwanji sindinakapemphe? Ndiye ndikanene kuti chiyani? Pakamwa pa Ada Nyirenda, nkhani ikalowa m'mawa, masana yafika ku Ngala.

Lachisanu kutangoyera ndinadzuka. Jekete yanga inali yonyowa, ndiye ndinadzifunditsa chitenje cha akazi anga mpaka kumutu. Nthenga ndinazula ku nkhuku yathu, ndipo nkhuku tili nayo imodzi yokha, yakuda bii. Nsapato ndinasiya kuti ndisasiye zidindo. Poopa kuoneka, ndinalowa m'maungu a eni chokwawa, ndikuwerenga maluwa chonong'ona. Ndinazunguza nthenga mu limodzi, mu lachiwiri, kenako ndinati nthengayi ingataye mungu panjira, bola nditenge duwa lathunthu. Dzanja lina nthenga, lina lokwawira, ndiye duwalo ndinaliluma ndi mano.

M'kati mwake munali mwini ntchito. Njuchiyo inandibaya pamlomo wam'mwamba penipeni, ine kukuwa, n'kudzuka njo, maso ndi maso ndi Ada Nyirenda atanyamula ndowa.

Taganizani zimene anaona: mwamuna wamkulu, chitenje kumutu, wopanda nsapato, nthenga yakuda m'manja, akunong'oneza maungu awo. Inuyo mukanati chiyani? Ndowa inagwa. Posakhalitsa amayi onse othirira anali atandizungulira, wina akuti ndi chifukwa chake tomato wake sakubala, wina akuti anandilotapo. Mlomo nawo unkangokula. Wina anati chambu cha Ada Nyirenda chandigwira, ndipo Ada Nyirenda, amene sanatcherepo mankhwala alionse, anangogwedeza mutu monyadira.

Wapampando wa gulu, mayi Mwanaisha, anaika khasu pansi. "Bambo a Tamala, lamulo mukulidziwa. Chigawo cha akazi anu chapita, pokhapokha mutiuze zomveka."

Apa ndinachita mantha enieni. Zaka ziwiri zodikira zija, ndiwo za ana, zonse kuthera pa mbale ya chiluwe. Ndinayenera kusankha kutchedwa mfiti kapena chitsiru, ndipo ndinasankha chimene ndili. Ndi mlomo wonga chinangwa ndinaulula zonse, za chikwakwa, za nsinjiro, za bodza la pafoni. Anapita kukaona chigawo chathu, anapeza m'mphepete muli mbee, mapesi a maluwa ali njonjonjo opanda mitu. Kuseka kwake, mayi wina anachita kukhala pansi m'matope.

"Wallahi, mfiti imakhala ndi nzeru kuposa apa," anatero mayi Mwanaisha akupukuta misozi. "Chigawo sitilanda, mwini wake sanalakwe. Koma mubzalenso maluwa a njuchi aja, ndipo mpaka adzamasule, njuchi ya dimba lino ndinu. Dzuwa likukwera, kapakeni msanga."

Ndinakapaka maluwa atatu aja gulu lonse likuonerera, ena akundiimbira ngati njuchi.

Mayi a Tamala nkhani anaimvera m'minibasi. Atafika anayang'ana mlomo wanga, anayang'ana nkhuku, n'kungoti, "Ndinati kuthirira basi."

Maungu atatuwo anagwira onse. Tsiku limene mayi a Tamala anaphika loyamba, lofiira bwino m'kati, tisanalawe n'komwe tinamva odi. Ada Nyirenda, mbale kumanja.

"Ndabwera kudzaona ana anga," anatero. "Paja bambo wawo wa maunguwa ali kwanga."

Akazi anga anawapatsa chibenthu chachikulu kuposa changa, ine osatsutsa, chifukwa mlandu wake ndinauchitira umboni ndekha.

Chiluwe ndinasiya, ngakhale mutanditenderera chotani. Ndipo masiku ano ndikaona mwamuna wangokhala osaoneka chochita, kaya m'dimba kaya pakhonde, sindimuweruza msanga. Mayi a Tamala akuti iwonso ndi chifukwa chake ine sanandithyolebe.