Katswiri Wanga Anayeza Galimoto Ali Kuseri kwa Nkhokwe

Aliyense wodutsa pakhomo panga pa Mzimba boma amafunsa za chigalimoto choyera chimene chakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndimayankha kuti tikudikira sipeya. Si bodza kwenikweni, koma nkhani yake ndi yotalikirapo.

Nditapuma pantchito ya utolankhani, ndinagwidwa ndi chilakolako cha galimoto zija alendo oona malo amagonamo. Ndinamva kuti ku Manyamula kuli ina: ili ndi bedi, kasinki, kachitofu ka gasi ndi makatani amaluwa. Mwini wake anabwera nayo kuchokera ku Joni koma anamwalira, ndipo akazi awo, aNyaGondwe, ankaigulitsa. M'maganizo ndinali kale ku Vwaza, ndikumwa tiyi, njovu zikudutsa.

Akazi anga sanaone njovu iliyonse. "Bambo a Tadala, penshoni sibwera kawiri. Inu pa galimoto mumangodziwa mpando. Mupite ndi katswiri akaiyeze. Mukagula chiphapha, muzikagona momwemo."

Ndinapeza a Nyirenda, makaniko amene amayeza malole onyamula matabwa ku Viphya. Ndinawafunsa zonse monga mtolankhani: kumene anaphunzira, kumene anagwirako, mapepala awo. Zonse zinali bwino. Tinanyamuka pa njinga yawo yamoto, iwo akulongosola mokweza mmene amagwirira ogulitsa achinyengo. Titapatuka mumsewu waukulu anafunsa kuti tikulowera kwa yani. Nditatchula dzina, nkhani inathera pomwepo.

Titafika, a Nyirenda anavula chipewa, nagwada kutali kumapeto kwa bwalo, nkhope atalozetsa ku munda wa chinangwa. "Monire, amama," anatero. ANyaGondwe anayankha akuyang'ana khoma. Kenako katswiri wanga anazemba n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe.

Ndinawalondola. "Kodi mwatsegula m'mimba?"

"Abwana, awo ndi amamavyala. Apongozi anga. Amayi a akazi anga."

"Ndiye zatiyendera! Atitsitsira mtengo."

(Ine ndinakulira ku Ndirande. Apongozi anga timakhala pa sofa imodzi n'kumalimbirana wailesi.)

"Ndapota, abwana. Ine ndigone chagada, miyendo tang'a, pamaso pawo? Kwathu kuno sizichitika."

Vuto linali loti aNyaGondwe anali atayala mphasa pakhomo penipeni pa galimotoyo, akusenda mtedza, ndipo sankaoneka ngati munthu wofuna kusuntha. Tinagwirizana chonchi: ine ndivale ovolosi yawo, nditenge tochi, ndilowe pansi, ndizinena zimene ndikuona, iwo aziweruza ali kunkhokweko.

"Mukuona chiyani?" anafuula.

"Zitsulo."

"Zamtundu wanji?"

"Zofiirira. Ndikazikhudza zikuyoyokera m'maso."

Mtedza wokha unkamveka kuti thwa, thwa.

"Ndi zabwino zimenezo, a Nyirenda?"

"Dothi la kuno ndi lofiira chomene," anayankha.

Ndinavomereza, chifukwa ndi zoona. Ndinakwawira mkati. Pansi pa bedi, pamene ndinkayembekezera chitsulo, panali matabwa okhomedwa ndi misomali. Ndinanena zimenezo.

"Paini wa ku Viphya ngolimba," anatero katswiri.

"Nanga pali waya womanga nyumba wagwira chipaipi china. Ndipo pakudontha zakuda."

A Nyirenda anayamba kutsokomola. Anatsokomola mpaka aNyaGondwe, osatembenuka, anandipempha kuti ndiwapititsire madzi alendowo. Nditafika ndi kapu, anandigwira mkono n'kunditsinzinira diso, akupukusa mutu. Ine ndinaganiza kuti akudandaula za chifuwacho, ndipo ndinawalangiza za ndimu ndi uchi.

Injini inalira titaikankha potsetsereka. Utsi wake unathamangitsa nkhuku zonse, koma inalira. Apa ndinaima pakati pa bwalo, pomwe onse awiri akanatha kundimva bwino, chifukwa ndimakhulupirira kuti zinthu zizichitika poyera.

"A Nyirenda, nenani mosabisa. Ndigule kapena ndisagule?"

Mtedza unasiya kulira.

"Adadavyala, malemu apongozi anga, ankaikonda galimoto imeneyi ngati mwana wawo," anatero mawu a kunkhokwe.

Ndinatulutsa foni n'kutumiza ndalama pomwepo. "Yewo chomene," anatero aNyaGondwe, akumwetulira khoma.

Galimoto inayenda bwino mpaka pa mlatho woyamba wamatabwa. Titagunda bampu, kumbuyo kunamveka chiphokoso. Nditacheuka, bedi linali litalowa pansi, ndipo pamalo pake ndinkaona msewu ukudutsa. Kenako chipaipi chija chinagwa, injini n'kuzima. Ndinalowa m'tauni ya Mzimba masana dzuwa likuswa mtengo, ndili pa chiwongolero, kutsogolo ng'ombe ziwiri zobwereka zikukoka, makatani amaluwa akuuluzika. A Nyirenda ankabwera pambuyo, ali pa njinga yawo, atanyamula matiresi.

Pa geti ndinawafunsa chifukwa chimene sanandichenjezere.

"Ndinatsokomola, abwana."

"Ndinakulipirani kuti mulankhule!"

"Ndinyoze katundu wa malemu pamaso pa amamavyala? Mbwenu mawa akazi anga apakira. Ine ndimati tikambirana pobwerera. Inu munalipira ndisanatuluke n'kunkhokwe komwe. Komanso tanenani, ndakunamizani pati?"

Ndinabwereza mawu awo onse m'mutu, monga ndinkachitira ndisanapereke nkhani kwa mkonzi. Dothi ndi lofiiradi. Paini ngolimbadi. Malemu ankaikondadi. Sindinapezemo bodza ngakhale limodzi, ndipo mpaka lero sindikudziwa woti ndimukwiyire.

Akazi anga sanakalipe. Anazungulira galimotoyo, anasuzumira pa dzenje, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi bulangeti ndi pilo.

"Munkafuna galimoto yogonamo," anatero.

Tsopano ndikafuna katswiri wa chilichonse, za mapepala ndimafunsa pomaliza. Funso loyamba ndi lakuti anakwatira mudzi uti. Dzenje lija ndinatseka ndi matabwa atsopano, ndipo pa mfundo imodzi ndingawachitire umboni a Nyirenda ndi msana wangawu: paini wa ku Viphya ngolimba chomene.