Mimba Imene Inkaimba Belu ku Lifuwu

Munthu amene ankatiuza nthawi ku Lifuwu kwa zaka zoposa makumi atatu sanavalepo wotchi moyo wake wonse. Ndikunena a Lodwick, oimba belu a kutchalitchi kwathu. Iwo ankati wotchi ndi ya anthu a chikhulupiriro chochepa. Mulungu polenga munthu anamuikiratu yake m'kati, yosafuna batire, ndiye kukagula ina ku Salima kuli ngati kumuuza Mlengi kuti ntchito sanaimalize.

Belulo silinali belu kwenikweni. Inali limu, chitsulo cha m'kati mwa tayala la thirakitala yakale ya kusikimu ya mpunga, yomangiriridwa ndi waya pamtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Ankaliimba katatu pa tsiku ndi kachitsulo kamene sankalola wina aliyense kukagwira, ngakhale akazi awo mayi Tionenji. M'mamawa chinkawadzutsa ndi chikhodzodzo, ndipo sankachita manyazi kunena zimenezo ngakhale pamaso pa apongozi. Masana ankadikira mimba ilire. Madzulo ankawerenga kuyasamula, akafika kachitatu ankanyamuka. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma kwathu kuno akamva m'mimba a Lodwick zinkatsekuka ndi zitseko za mudzi wonse. Mayi Hajara, okazinga mandasi pafupi ndi mzikiti, anandinong'oneza kuti ngakhale amuna awo, amene amaitanira anthu ku swala ya m'bandakucha, ankadzuka ndi limu ya Akhristu. Mwini wakeyo mukamufunsa adzakana mpaka mawa.

Koma chimene chinawatchukitsa mpaka ku Senga Bay ndi tulo ta masana. Ikangokwana 1 koloko, a Lodwick ankagona pomwe aliri. Pamaliro, paukwati, pamzere wa kuchipatala, zonsezo kwa iwo zinali mphasa. Ankavula nsapato, kutsamira chipewa, basi munthu wapita, ndipo 2 koloko yeniyeni ankadzuka okha ngati wina wawatsina. Ukawadzudzula ankakuyang'ana mwachisoni n'kukukumbutsa kuti Ambuye anagona m'ngalawa namondwe ali pakati, ndipo amene anakalipiridwa tsiku limenelo ndi odzutsawo.

Chaka china, mpunga utacha, mayi Tionenji anawapeza ali gada pamlambala wa munda, mpheta zili pa phwando. Atawakalipira, a Lodwick anayankha kuti mbalame zakulera bwino zimapuma masana, zimene zabwerazo ndi zachikunja, ndipo iwo sangasinthe dongosolo la Mulungu chifukwa cha akunja.

Tsiku lina anali nkhoswe pa mlandu wa mphwawo ndi mkazi wake. Banja linali litafika pa mapeto, katundu atamangidwa kale m'chitenje, mawu akuuluka ngati miyala. Mkaziyo ali pakati pofotokoza za chibwenzi cha mwamunayo cha kuchilumba cha Mbenji, nkhoswe inavula nsapato. Awiriwo anasowa wowadandaulira. Kukuwa sakanatha, chifukwa kudzutsa a Lodwick unali mlandu woposa umene anabwerera. Anakhala ola lathunthu akumvera mkonono, kenaka mkaziyo anayamba kuseka, mwamunayo n'kutsatira. Podzuka, a Lodwick anapeza chitenje chamasulidwa. Anangofunsa ngati pali china chotsala, ndipo kuyambira pamenepo ankadzitama kuti palibe nkhoswe yodziwa ntchito ngati iwo.

Zinthu zinasintha atabwera abusa a Mapopa, mnyamata wochokera kumpoto, wamoto ngati mbaula yopemereredwa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Anayambitsa mapemphero ochezera Lachisanu ndi Loweruka lililonse, kusala kudya sabata ndi sabata, ndiponso ulaliki wotalika ngati msewu wa ku Lilongwe. Anali munthu wabwino, zimenezo sindingawanamizire, koma maso awo ankaoneka ngati a usipa wogonera.

A Lodwick ku mapemphero ochezera sanapondeko. Ankati usiku Mulungu anaupereka kwa akadzidzi ndi alonda, ndipo iwo sanalembedwe ntchito iliyonse mwa ziwirizo. Choipitsitsa chinali cha Lamulungu. Ulaliki uli pakati, mimba ikalira, ankadzuka pabenchi, kutuluka, kukaimba belu la masana. Mpingo wonse unkayamba kutseka Mabaibulo.

Abusa anatengera nkhaniyi ku bwalo la akulu a mpingo. Anati belu lipatsidwe kwa achinyamata okhala ndi foni, chifukwa mpingo wa Mulungu sungamayendere matumbo a munthu mmodzi. A Lodwick anafumbatira kachitsulo kawo pamiyendo. Munda anali atausiyira ana, kwaya inali itawatulutsa kalekale chifukwa cha mawu awo, ndiye belu linali chokhacho chimene chinkawauza kuti mudzi ukuwafunabe.

Bwalo linagamula kuti ayesedwe kwa sabata imodzi. Wogwira foni ndi kulemba nthawi anali mlembi wa mpingo, ndipo mlembiyo ndinali ine, Ruth, mphunzitsi wa sitandade 5. Ndivomere pano, poti mwini wake anapita: ndinali mbali ya abusa. Ndinkachita manyazi alendo akamafunsa kuti mapemphero amayamba nthawi yanji, ife n'kumayankha kuti zitengera a Lodwick.

Lolemba ndi Lachiwiri belu la masana linalira manambala a pafoni akungosintha kumene kukhala 12:00. Ndinapsa mtima. Lachitatu ndinapita kwa mayi Hajara, ndinagula mandasi asanu otentha, ndipo cha m'ma 11 koloko ndinakawapatsa a Lodwick ngati mwana wolemekeza akulu. Maganizo anga anali oti mimba yokhuta siingalire. Anandithokoza, anapemphera, anadya onse asanu osasiya ndi nyenyeswa. Itakwana 12 ananyamuka n'kukaimba belu. Pobwerera anandiuza akumwetulira kuti mandasi ndi alendo chabe, mimba imadziwa mwini nyumba.

Ndinatembenukira kwa mayi Tionenji. Sanavute ayi, chifukwa zaka makumi anayi zodzutsidwa ndi chitseko m'bandakucha zinali zitawakwana. Lachinayi madzulo anabisa thobwa, tiyi n'kunena kuti masamba atha, ngakhale madzi akumwa anawapatsa theka la kapu. M'mawa mwake belu linalira pa nthawi yake yeniyeni. Mayiwo atafunsa kuti chawadzutsa n'chiyani popeza chikhodzodzo chinagona ndi ludzu, yankho linali lakuti:

"Amake Joyce, mkonono wanu umasintha giya ikamakwana nthawi. Mulungu sasiya munthu ndi wotchi imodzi."

Mayi Tionenji sanawalankhule mpaka Loweruka.

Lamulungu linali tsiku lomaliza. Pepala langa linalibe cholakwa ndi chimodzi chomwe, koma abusa anali atanena kale kuti ngakhale nthawi ilondole, munthu wokana kuchezera m'mapemphero sangakhale pa udindo. Bwalo limayenera kukumana tikangoweruka. Tonse tinkadziwa kuti belu lapita.

Abusa anali atachezera masiku awiri otsatizana, m'mimba mulibe kanthu. Analalikira mpaka kupyola belu la masana, kenaka anagwada pagome kuti atseke ndi pemphero. Anapempherera odwala, boma, mvula, asodzi a ku Mbenji. Atafika pa ana a sukulu anakhala chete. Ife tinati Mzimu wawagwira, tinaweramitsa mitu kwambiri. Kenaka sipika inayamba kutulutsa kaphokoso kena, poyamba pang'onopang'ono, kenaka ndi mphamvu ngati injini ya boti. Abusa anali atagona, tsaya lili pa Baibulo, maikolofoni ili pakamwa.

Kumbuyo achinyamata anayamba kufwenthera ndi chiseko. Ndinasuzumira pafoni: 1 koloko yeniyeni. Ndinayang'ana a Lodwick ndikudziwa kuti nawonso avula nsapato, ndipo ndinadziuza kuti mpingo uno watha, mbusa ndi nkhosa yomwe. Nsapato anavuladi, koma sanagone. Ananyang'ama mpaka kutsogolo, anazimitsa sipika, anatembenukira kwa ife n'kunena chapansipansi:

"Ameni. Tulukani nsapato zili m'manja. Woseka akasekere kwawo."

Tinatuluka ngati akuba, anthu pafupifupi mazana awiri. Iwo anakhala pakhomo la tchalitchi, kachitsulo pamiyendo, kuthamangitsa mbuzi ndi aliyense wofuna kusuzumira. Ine ndinabisala pangodya ya tchalitchi. Ndinawaona akulimbana ndi tulo ngati munthu wolimbana ndi ng'ona, mutu ukugwa iwo n'kumaudzutsa, akudzitsina pantchafu. Inakwana 2 koloko, inakwana 3. Aka kanali koyamba kuti munthu wa ku Lifuwu aone maso a a Lodwick ali otsegula pa nthawi ya tulo tawo ta masana.

Abusa anatuluka tsaya lili ndi mzere wa chikuto cha Baibulo. Anafunsa kumene anthu apita, ndipo anauzidwa kuti ali kwawo, pemphero linamalizidwa, Mulungu analimva popeza Iye anali maso.

"Bambo, ndadzichititsa manyazi," anatero abusa.

"Manyazi a chiyani? Lero ndiye mwamvera. Thupi limenelo si lanu, abusa, anangokusungitsani. Mukadzalibweza lili nsanza mudzayankha chiyani?"

Abusa anakhala pansi pambali pawo. Patapita kanthawi anafunsa kuti, "Nanga tulo tanu?"

"Ndakupatsani inu. Lero lokha, musazolowere."

Bwalo linakumana ndithu, koma silinathe mphindi zisanu. Abusa anaichotsa okha nkhaniyo. Mapemphero a Lachisanu anayamba kutha 9 koloko, ulaliki unaphunzira kuopa belu la masana, ndipo patangotha miyezi itatu abusa ananenepa moti mayi busa anapita kukathokoza a Lodwick ndi nkhuku. Pepala langa ndinakolezera moto.

Zinayenda choncho zaka zina zisanu ndi zitatu. Kenaka wotchi ya Mulungu ija inayamba kutopa. Belu la m'mawa linkalira nthawi zina nkhuku zisanaganize n'komwe zolira, la masana n'kuchedwa ndi theka la ola chifukwa chilakolako cha chakudya chinali chitachepa. Palibe anadandaula. Tinkangosintha ife: belu likachedwa, ndiye kuti tsiku lachedwa. Koma mwini wake ankadziwa. Anapita kwa abusa ndi kachitsulo kokulungidwa m'kansalu, abusa n'kukana kukalandira. Anati mpingo unayendera mimbayo ili yamphamvu, uyenderabe ili yofooka.

Ndiye a Lodwick anabwera kwa ine. Anandipeza ndikuchonga makope pakhonde, anaika kansaluko patebulo. Ndinati ine ndine mzimayi wa foni, za matumbo sindizidziwa.

"Aphunzitsi, mimba yanu ndaimvera zaka zambiri pabenchi ya kutsogolo. Imalira 12 yeniyeni, kungoti mumaitsokomolera. Komanso munthu amene anaganiza zondinyenga ndi mandasi ndiye kuti mimba amailemekeza."

Ndinafuna nthaka itseguke. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti sanadziwe. Ndinapepesa misozi ili m'maso, iwo n'kunena kuti palibe chopepesa, mandasiwo anali okoma, chimene chinawakhumudwitsa n'chakuti sindinabwerezenso. Tinagwirizana kuti apitirize kuimba mpaka tsiku limene adzalephere.

Tsikulo linafika m'nyengo yokolola mpunga, Lachiwiri. Anaimba belu la masana, anadya pang'ono, 1 koloko anayala mphasa pansi pa mango n'kutsamira chipewa. Inakwana 2 koloko osadzuka. Mayi Tionenji anakhala pambali pawo akuwaingitsira ntchentche mpaka 3 koloko, ndipo pamenepo m'pamene anatuma uthenga kwa abusa. Pamaliro mayiwo anandiuza kuti anadziwa kalekale, koma anati awapatseko ola lina, poti zaka zonsezi bamboyo sanapitirizepo tulo ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsopano belu ndimaimba ine. Lifuwu ikadali Lifuwu, mpunga ukucha, njinga zamoto zikudutsa. Koma m'mawa nyumba iliyonse imadzuka ndi kanyimbo kake ka pafoni, pa nthawi yakeyake, ndipo belu langa limalira anthu ena atapita kale kumunda, ena akadali m'bulangete. Kale tinkadzuka pamodzi. Chimene chatsala n'chakuti 1 koloko ikakwana, odutsa pafupi ndi mango uja amatsitsa mawu osadziwa kuti akutero, ndipo chitseko cha ofesi ya abusa chimakhala chotseka mpaka 2.

Ndiulule chinanso. Chaka chonsechi ndakhala ndikubisa foni m'chitenje, n'kumasuzumira ndisanaimbe. Nthawi iliyonse ndimamva ngati wina akundiyang'ana mwachisoni kuchokera pamphasa. Dzulo ndinaisiya dala kunyumba. Ndinaima pansi pa mango, kachitsulo m'manja, kudikira mimba. Inachedwa, ndinapemphera, kenaka inalira ndithu, ndipo ndinamenya limu ija ndi mphamvu zanga zonse.

Pobwerera ndinadutsa pa mayi Hajara. Anandiuza akuseka kuti ndachedwa ndi mphindi makumi awiri, ndipo akanakhala a Lodwick... Mawu anathera pomwepo. Anatembenuza mandasi m'mafuta kwa kanthawi, kenaka anasankha asanu otentha, anawakulunga m'pepala n'kundipatsa. Anati ndidye lero cha m'ma 11 koloko, tione ngati mimba yanga yayamba kudziwa mwini nyumba.